Kodi kujambula agogo anga amene anamwalira ndi kupembedza mizimu?

Funso: "Ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala kufupi ndi Likhubula m'boma la Mulanje, ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Ndimakonda kujambula kuyambira ndili mwana, moti ndimapeza kangachepe pogulitsa zithunzi za phiri kwa alendo odzakwera. Chaka chatha agogo anga aakazi amene anandilera anatisiya. Anali Mlhomwe, woumba mbiya komanso nankungwi wa m'mudzi mwathu. Chimwalirireni dzanja langa silifuna kujambula china koma iwo basi. Ndimawajambula atakhala m'tsinde mwa phiri, nyenyezi zili pamwamba pawo, ndipo nthawi zina ndimawalota n'kudzuka usiku kukajambula. Mkulu wina wa mpingo wathu ataona zithunzizo anati ndayamba kupembedza mizimu. Amalume akuti ndisayerekeze kuikamo zizindikiro zimene agogo ankalangizira anamwali. Tsopano mlendo wina wochokera kunja akufuna kugula, koma akuti ndionjezeremo zilombo za Gule Wamkulu ndi mizimu ya m'phiri kuti zithunzizo zioneke za kuno. Kodi ndikulakwa? Ndisiye kapena ndipitirize?"

Yankho: Achemwali, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya agogo. Munthu amene anakulera akachoka, pakhomo pamakhala zii kwa nthawi yaitali, ndipo aliyense amalira m'njira yake: wina amapita kumanda kawirikawiri, wina amasunga nsalu ya malemuyo pansi pa sutikesi, ndipo inu mukulira ndi burashi. Pa zaka zambiri zimene ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata kujambula ndi kusema, ndaona kuti ntchito yoyamba yokhala ndi moyo ya ophunzira ambiri imabadwa pambuyo pa maliro, chifukwa ndi pamene munthu amasiya kujambula zoti zisangalatse ogula n'kuyamba kujambula zimene zikumudya mumtima. Choncho mtima ukhale m'malo, ndipo musasiye kujambula. Koma anthu atatu amene akulankhulaniwa sakunena chinthu chimodzi, ndipo mawu awo salemera mofanana. Mkulu wa mpingo ali ndi nkhawa imene ingathe pokambirana. Amalume akunena zoona. Amene ndikumuopa ine ndi wogulayo, ngakhale kuti ndi yekhayo amene wabwera akumwetulira.

Makolo athu akafuna kulankhula ndi mizimu sankachita mwachisawawa. Pankakhala malo ake, kachisi kapena tsinde la mtengo wa mpoza. Pankakhala munthu wake, mwini mbumba kapena mkulu wina wa pamtundu. Pankakhala ufa kapena mowa wothira pansi. Ndipo koposa zonse pankakhala pempho, loti mvula igwe, mwana achire, kapena alenje abwerere ndi nyama. Alhomwe amavina tchopa pa nsembe zotere, gule amene bungwe la UNESCO linamulemba mu 2014 m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa pa dziko lonse, ndipo Amang'anja a ku Nsanje mpaka lero ali ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Zonsezi ndi zochita zokhala ndi mwambo wake, ndipo chithunzi chopachikidwa pakhoma sichilowa m'gulu limeneli pachokha. Dzifunseni moona mtima ngati mumachigwadira, ngati mumachithirira ufa, kapena ngati mumachipempha kanthu. Ngati simutero, chimene mwapanga ndi chikumbutso, chofanana ndi chiliza chimene mabanja amamanga pamanda akulu a mpingo omwewo ali pompo kutsogolera mapemphero.

Poti inu ndi mkuluyo mumawerenga Baibulo limodzi, kambiranani kuchokera mmenemo. Lamulo la pa Eksodo 20 limaletsa kupanga fano loti uligwadire ndi kulitumikira, koma m'buku lomwelo, pa mutu 31, Bezaleli akudzazidwa ndi mzimu wa Mulungu kuti agwire ntchito zaluso za golide, miyala ndi mitengo. Nkhani imene imaunikira bwino koposa ndi ya njoka yamkuwa imene Mose anapanga pa Numeri 21. Patapita zaka mazana ambiri mfumu Hezekiya anaiphwanya, monga timawerengera pa 2 Mafumu 18, chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira zonunkhira. Njokayo inali yomwe ija, koma chimene chinasintha ndi zochita za anthu pamaso pake. Musapite kwa mkuluyo ngati mukupita ku mlandu. Mipingo ya kuno imasiyana pa chiphunzitso cha akufa: ina imati ali m'tulo ndipo sadziwa kanthu, ina imawapempherera, ina imakayikira chilichonse chonunkha za makolo. Nyamulani chithunzi chimodzi, tenganani ndi mayi wina wamkulu wa mumpingo amene ankawadziwa agogo, ndipo mukafotokoze modekha kuti mukusunga nkhope ya munthu amene anakulerani. Mungawauzenso kuti ku Mua m'boma la Dedza, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amisiri akhala akusema ziboliboli za m'tchalitchi zokhala ndi nkhope, zovala ndi zizindikiro za Achewa, Ayao ndi Angoni. Si mpingo uliwonse umene umagwirizana nazo, koma zikuonetsa kuti funso lanu anthu opemphera analilingalirapo kale mozama.

Ndionjezerepo maganizo anga. Sindivomereza kuti anthu amene ankathira ufa patsinde la mpoza anali opanda nzeru kapena opanda Mulungu. Agogo ambiri a kuno ankapita ku tchalitchi tsiku lopemphera, nyengo ya chinamwali ikafika n'kukalangiza ana, osaona kuti akudzitsutsa. Ngati agogo anu anali otero, chithunzi chanu chiwasunge momwemo, osawasandutsa mngelo wa mumpingo kuti mkulu uja asangalale, komanso osawasandutsa sing'anga kuti mlendo asangalale.

Tsopano za amalume, ndipo pano ndikhalitsapo. Zizindikiro za ku chinamwali sizinali chuma cha agogo choti inu mulandire monga mmene mungalandirire mtsuko kapena dimba. Agogo anangozisungira anzawo. Eni ake ndi anankungwi onse, aphungu, ndi amayi amene anadutsa m'manja mwawo, kuphatikizapo ana amene sanafikebe msinkhu wozimva. Mbiri ya zojambula za m'dziko muno imatiphunzitsa zimenezi momveka. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira, zokhala ndi mizere ndi tizungulizunguli, ndi zakale kwambiri, ndipo amazitchulira Akafula kapena Abatwa amene ankakhala kuno alimi asanadzaze dziko. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, zina za nyau, ndipo zambiri ndi za amayi polangiza anamwali. Zimenezi sankazijambula pabwalo kapena pakhoma la nyumba, koma m'mapanga otalikira mudzi, kumene munthu wosayenera sakanafika. Amayi amenewo anali akatswiri ojambula ngati inu, ndipo ankadziwa kuti chithunzi china chimakhala ndi mphamvu chifukwa cha amene waloledwa kuchiona. Lero chithunzi chikagulidwa, mawa chili pa Facebook, ndipo chikafika kumeneko palibe angachibweze.

Komabe amalume ndi mwamuna, ndipo za ku tsimba la atsikana amangozimvera patali. Akuchenjezani bwino, koma amene angakuuzeni kuti ichi ndi chobisika, ichi n'chapoyera, ndi anankungwi amene ankagwira ntchito ndi agogo. Mwina mudzapeza kuti mizere ya pakhosi la mtsuko, imene mkazi aliyense amayenda nayo pamutu popita kumjigo, mungaijambule popanda vuto, pamene chizindikiro china chimene inu mumachiona ngati chokongoletsa chabe chili ndi tanthauzo loti lisatuluke. Akakukanizani, musakwiye ndipo musachite mozemba. Pali njira yojambulira chinsinsi popanda kuchiulula, ndipo nthawi zambiri ndiyo imabala chithunzi champhamvu. Jambulani agogo akuyenda m'kanjira kopita ku tsimba m'mamawa, atasenza lichero lovundikira ndi nsalu. Jambulani tsiku lotuluka anamwali, limene mudzi wonse umaona: mikanda, nsalu zatsopano, amayi akululutira, agogo ali pambali atatopa. Munthu wa kuno akaona lichero lovundikira adzadziwa kuti muli kanthu, ndipo amene anavinidwa adzadziwa kuti muli chiyani, koma inu simunatsegule.

Wogula uja akukupemphani kuti muname. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005, ndi wa Achewa ndi Amang'anja olowa kudambwe, ali ndi eni mzinda, ndipo chilombo chilichonse chili ndi dzina, nyimbo ndi phunziro lake. Agogo anu sanali a kumeneko. Kuika chilombo kumbuyo kwawo n'kuwasemera mbiri yabodza, komanso n'kutola chinthu cha eni popanda kuodira. Ndaona achinyamata aluso akugwa m'mbuna imeneyi: chithunzi choyamba chotere chikagulidwa msanga amapanga chachiwiri ndi chachitatu, ndipo pakapita nthawi dzanja lawo limangodziwa nkhope zoopsa zopanda mwini, zofanana kuyambira ku Likhubula mpaka pa misika ya ziboliboli ya ku Blantyre ndi Lilongwe. Ndalama yake imakhala yochepa, chifukwa zinthu zofanana zimatsitsana mtengo.

Taonani mmene anachitira Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975 amene amagwira ntchito ku England. Iye amanena poyera kuti maganizo a nyau ndiwo muzu wa luso lake. Koma chiboliboli chake chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mu London mu Seputembala 2022 chilibe nkhope ya chilombo. Ndi John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, motengera chithunzi cha mu 1914 cha ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, Chilembwe ali wamkulu kuposa mnzakeyo ndipo wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Anachitcha Antelope pokumbukira kasiyamaliro, chilombo cha nyau chooneka ngati nyama ya m'tchire yotchedwa choncho m'Chingerezi, koma woonera amaona munthu weniweni wa m'mbiri yathu. Kambalu anatenga kaganizidwe, anasiya chovala, ndipo anthu a kutali anaima n'kufunsa kuti munthu wa chipewayu ndani.

Makolo anunso ndi anthu enieni a m'mbiri. Alhomwe ambiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo anaoloka kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo kuno anapeza thangata m'minda ya azungu, imene tiyi wake anayamba kudzalidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890. Dengu lothyolera tiyi lili m'mbiri ya mbumba zambiri za kuno kuposa chilombo chilichonse. Choncho musanagule utoto wina, khalani pansi ndi akuluakulu amene atsala. Funsani kuti ndinu Amihavani, Akhokhola, Amanyawa, Atakhwani kapena ena; funsani dzina la mayi wa agogo ndi la mayi wawo mpaka pamene chikumbumtima chithere; funsani mtsinje umene anaoloka, kaya Ruo kaya Muloza, esiteti imene anayamba kugwirako ntchito, ndi nyimbo imene agogo ankaimba pouma mbiya. Akavomera, jambulani mawu awo pa foni, makamaka a Elhomwe, chifukwa olankhula bwino chinenerochi akucheperachepera. Ku Chonde, kumene Mulhako wa Alhomwe umasonkhana mu Okutobala, mungaone tchopa, zovala ndi zakudya, koma nkhani ya mbumba yanu ili pakhonde la azakhali, osati pabwalo la chikondwerero.

Kenako yang'anani pafupi. Chithunzi cha makolo chimakhala ndi mzimu chifukwa cha tinthu tating'ono toona. Kumbukirani mmene agogo ankakhalira pouma: mwendo umodzi wotambasula, phale lili pakati pa miyendo, dongo litauma m'zikhadabo ndi m'makwinya a zala, chitsononkho cha chimanga chosalazira kunja, nkhulungo yokulungizira itathera mbali imodzi chifukwa cha zaka zogwira. Ngati nkhulungoyo ikadalipo, ipempheni, muiike patebulo, muijambule yokha kangapo mpaka muidziwe. Wojambula amene wadziwa mwala umenewo safunikira kuika kuwala kozungulira mutu wa agogo kuti anthu amve kuti akuona chinthu chopatulika.

Za mizimu ya m'phiri, simukufunikira kubwereka kwa wina, chifukwa mukukhala m'tsinde mwake. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe onse amaliona phiri la Mulanje ngati mokhalamo mizimu, ndipo ndi chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi kuti mu Julayi 2025 UNESCO inaliika m'kaundula wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Alhomwe amalozanso ku phiri la Namuli, kufupi ndi Gurue ku Mozambique, kuti ndiko kunachokera anthu oyamba a mtundu wawo, kotero mukaika phiri kumbuyo kwa agogo mukunena zinthu ziwiri: kumene anafikira ndi kumene anachokera. Koma mvetserani bwino nkhani zimene akuluakulu amasimba za Dziwe la Nkhalamba kapena za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Munthu wasochera m'nkhungu, wapeza chakudya chokonzedwa kale pamwala, ndipo lamulo n'loti adye yekha osaitana mnzake. Wina wamva ng'oma koma woimba osamuona. M'nkhani zambiri zotere mzimu suonekera nkhope, chimaoneka ndi chimene wasiya. Anthu oyera mbuu a maso ofiira amene wogula akuwaganizira ndi a m'mafilimu, si a m'phiri muno. Mukafuna kukhulupirika ku nkhanizi, jambulani nthochi zakupsa pathanthwe lonyowa, nkhungu ikutsika, popanda munthu aliyense. Napolo yekha, chinjoka chimene anthu amati chimagumula phiri n'kubweretsa madzi osefukira, mumugwire mosamala kwambiri. Anthu a ku Phalombe anaika abale awo m'manda mu Malichi 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anachitanso zomwezo m'midzi ya kufupi ndi inu. Chithunzi cha chinjoka chokongola chopachika m'chipinda cha alendo chingakhale chipongwe kwa mayi amene mwana wake sanapezeke.

Nyenyezi zija mukuika pamwamba pa agogo zandikondweretsa, chifukwa makolo athu sankalekanitsa za kumwamba ndi za pakhomo. M'nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa, mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika ndi mvula atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, mapazi awo n'kudinda pathanthwe likadali lofewa, ndipo Chauta anakhala nawo pansi pano mpaka tsiku limene munthu anapeka moto, tchire n'kupsa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Zida za ntchito ya mayi ndizo zinachokera kumwamba. Amang'anja ankasimba kuti mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, amene amaumana chakudya mpaka uwonde, ndi Puikani wa kumadzulo, amene amaudyetsa mpaka unenepe. Akatswiri a zakuthambo amatiuza kuti nyenyezi ya m'mawa ndi ya madzuloyo ndi dziko limodzi lotchedwa Venus, limene ife timati nthanda, koma nthanoyo inasunga chinthu choona chimene maso anaona, chakuti mwezi wowonda umaoneka kum'mawa m'bandakucha ndipo mwezi wongokhala kumene umayambira kumadzulo n'kumakula.

Pempho langa n'loti nyenyezi zanu zikhale zenizeni, osati timadontho tomwaza mwachisawawa. Magetsi akazima, tulukani panja ndi kope. Kuchokera ku Likhubula phiri lili kum'mawa kwanu, ndipo chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, anthu akumaliza kugalauza mizere podikira mvula, kagulu ka Nsangwe kamatulukira pamwamba pake madzulo, kenako Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana. Maina awiriwa alinso m'Baibulo lakale la Chinyanja pa Amosi 5, zimene mkulu wa mpingo uja angakondwe kuzimva. Kuwala kwa Nsangwe kumayenda zaka zoposa 400 kuti kufike m'maso mwanu, kutanthauza kuti kumene mukuona usiku uno kunanyamuka ufumu wa Maravi ukadali pachimake, makolo a agogo asanaganize n'komwe zooloka Ruo. Mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, usiku wopanda chiperoni, mlalang'amba umadutsa pamwamba penipeni pa mutu. Ngati agogo anamwalira m'nyengo yozizira, thambo la chithunzi chawo likhale limenelo. Pewaninso zolakwa ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri: nyenyezi siingakhale pakati pa nyanga za mwezi, chifukwa mbali yamdimayo ndi mwezi womwewo umene ukutchinga za kumbuyo kwake, ndipo nthanda siioneka pamwamba pakati pa usiku, koma chakumadzulo dzuwa litangolowa kapena chakum'mawa lisanatuluke.

Poti agogo anali woumba, yesani kujambula ndi dothi la pamalo pamene ankakumba dongo. Tengani lofiira, lachikasu ndi lotuwa padera, muliumitse, mulisinje ndi kulisefa. Lithireni m'madzi m'chidebe, muvundule, mudikire pang'ono kuti mchenga ukhale pansi, kenako mutsanulire madzi amatopewo m'chidebe china n'kuwasiya usiku wonse. Phala losalala limene lidzakhale pansi ndilo utoto wanu. Lisakanizeni ndi guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi pang'ono, ndipo chakuda mutenge ku makala osinja bwino. Yesani kaye pa kansalu, chifukwa dothi likauma limayererako, ndipo guluu akachepa limasuwa pa chala. Chinyezi cha ku Mulanje ndi mdani wa zithunzi: musazitsamiritse kukhoma kapena kuziika pansi, siyani mpata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, apo ayi zidzachita chuku. Mafelemu akhale a paini. Musagule thabwa la mkungudza ngakhale likununkhira bwanji, chifukwa mtengo umenewu, umene mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha, watsala pang'ono kutheratu. Ngati mumagwiritsa ntchito penti wa mafuta ndi thina, musatero usiku m'chipinda chotseka pafupi ndi kandulo, chifukwa mpweya wake umadwalitsa mutu ndipo umagwira moto msanga.

Mlendoyo muuzeni mwaulemu kuti zithunzi za agogo simuonjezeramo kanthu, ndipo mumufotokozere chifukwa chake. Ogula ena akamva nkhani ya nkhulungo, ya kuoloka Ruo ndi ya Nsangwe amalemekeza ntchitoyo koposa, ndipo amene angachoke chifukwa mwakana kunama muloleni apite. Musanagulitse nkhope ya agogo, funsani mbumba, chifukwa ndi mayi wa anthu ambiri, ndipo chithunzi chabwino koposa chikhale pakhomo. Chilichonse chimene mwagulitsa muchijambule kaye pa foni, mulembe dzina lanu ndi chaka, ndipo mulemberane kapepala konena kuti wogula watenga chithunzicho koma ufulu wochisindikiza pa makadi, malaya kapena m'mabuku watsala ndi inu. Bungwe la COSOMA, limene limayang'anira umwini wa ntchito zaluso, lingakulangizeni za kulembetsa.

Za maloto, kulota munthu amene wamwalira n'chinthu chofala kwambiri pa chisoni, ndipo pakokha si matenda. Anthu ambiri amadzuka atatonthozeka, ndipo malotowo amacheperachepera pakapita miyezi. Koma pali zizindikiro zimene simuyenera kuzinyalanyaza. Ngati mukutha masiku angapo osagona koma osamva kutopa, ngati mukumva mawu masana okulamulani zochita, ngati mwasiya kudya kapena mukulephera kuimirira pamaso pa ana m'kalasi, ndipo makamaka ngati mukuganiza zowatsatira agogo, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo ndipo mupite ku chipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Iwo ndi amene amatumiza ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ngati pakufunika kutero, ndipo anthu ambiri amathandizidwa osafika n'komwe kumeneko. Achibale ena anganene kuti ndi mizimu kapena nantongwe ndipo angafune njira za makolo. Zimenezo mukambirane pabanja, koma zisachedwetse chipatala, ndipo thawani aliyense amene akufuna ndalama zambiri kapena amene wayamba kuloza chala nkhalamba ina ya m'mudzi kuti ndiyo yakulodzani, chifukwa kutchula munthu ufiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino ndipo kwaphetsa okalamba osalakwa.

Pa luso lenilenilo, musakhale nokha. Ku Thyolo, pa yunivesite ya MUST ku Ndata, kuli sukulu ya Bingu yophunzitsa za chikhalidwe ndi mbiri, ndipo ku University of Malawi ku Zomba kuli aphunzitsi a zojambula. Kalata yaulemu yokhala ndi zithunzi zingapo za ntchito yanu ingakutsegulireni khomo loti wina aione ndi kukudzudzulani moona. Pa tchuthi pitani ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mukaone mbiya ndi zida zakale, ndipo mukapeza ndalama ya ulendo mukafike ku Mua ndi ku Chongoni. Koma ulendo woyamba ndi waufupi, wa kwa anankungwi anzawo a agogo. Musapite nokha, tenganani ndi amayi anu kapena azakhali, munyamule kashuga ndi sopo monga mwa ulemu wa kwathu, foni ikhale m'chikwama, ndipo muwaonetse zithunzizo musanazionetse kwa wogula wina aliyense. Amalume muwauze za ulendowu musananyamuke, ndipo pobwera mukawafotokozere zimene amayiwo alola ndi zimene akana.